Mawu Otsegulira Maphunziro a Kuyeza Majini m'Selo Limodzi



Pamene Fuchou Tang ndi anzake ku Cambridge anakhoza, m'chaka cha 2009, kuwerenga RNA ya m'selo limodzi lokha la mluza wa mbewa, akatswiri amene kale ankapera maselo miyandamiyanda pamodzi kuti apeze choyeza anakondwera kwakukulu. Koma chimwemwecho chinadza ndi mtolo wake, pakuti RNA ya m'selo limodzi ndi yochepa zedi, mapikogalamu ngati 10, ndipo yambiri imatayika makina asanaiwerenge n'komwe. Msodzi akavuula ukonde wopanda chambo, sitinena kuti m'nyanja chambo chatha. Momwemonso, inu achinyamata amene mwabwera kudzasula luso lanu, ziro amene mudzamuone pa kompyuta asakunyengeni kuti jini lagona, popeza mwina ndi ukonde wathu umene uli ndi maso aakulu. Ngakhale zogwidwazo, njira ya PCR pozichulukitsa imakondera, zina nizichuluka koposa zinzake.

Pamene pafunika nzeru mpakuti kusiyana kwina ndi kwa chilengedwe chenicheni. Michael Elowitz anaonetsa mu 2002, poika mitundu iwiri yowala m'mabakiteriya a E. coli, kuti maselo obadwa kwa kholo limodzi, odya chakudya chimodzi, sagwiritsa majini awo mofanana. Ntchito yanu tsono ndiyo kulekanitsa kusiyana kumene Namalenga anaika ndi kumene manja athu abweretsa, ndipo ine ndiyesa kuti wolephera apa, angakhale zithunzi zake zikongole motani, wachitira selo umboni wonama. Chifukwa chake ofufuza amathira m'selo lililonse RNA yopanga okha ya muyeso wodziwika, monga ya ERCC ya mitundu 92, kuti aone kuti yatayika yochuluka bwanji. Ndiponso amadinda molekyu iliyonse chizindikiro chakechake, UMI, kuti imodzi isawerengedwe kakhumi. Musazinyoze ntchito zotopetsazi, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhaniyi ifika ndi pakhomo pathu, pakuti mu 2019 a ku Wellcome Sanger Institute anatulutsa Malaria Cell Atlas, m'mene anayeza tizilombo ta malungo kamodzikamodzi, tomwe RNA yake ndi yochepa koposa ya m'maselo athu.

Wapampando, mwa chilolezo chanu, ndikulengeza kuti maphunziro ano atsegulidwa.