Mawu a mlendo wolemekezeka potsegulira mpikisano wa nyimbo ndi magule pa Ngabu

Ndisanayambe, anyamata inu thandizani agogo aima padzuwa apowo, mpando ulipo kuno kumthunzi. Eya, abwere nawo pang'onopang'ono.

Mfumu yaikulu Lundu, mbuya wathu, ndagwada. Mafumu aakulu nonse, kuyambira eni nthaka ino a Ngabu, a Tengani, a Malemia, a Mlolo ndi a Makhuwira amene mwachita kuwoloka Shire, a Chapananga, a Katunga, a Maseya, a Kasisi, a Chimombo ndi a Ndamera ochokera kumalire kwenikweni, magulupu ndi anyakwawa nonse, ndakuonani. Abwanamkubwa a maboma athu awiri a Chikwawa ndi Nsanje, aphungu a Nyumba ya Malamulo, makhansala, ansembe, abusa, masisitere ndi mashehe, akuluakulu apolisi, alangizi a zamaphunziro, aphunzitsi aakulu ndi aphunzitsi nonse, a mabungwe omwe si aboma, atolankhani makamaka a mawailesi athu a m'madera, amayi a magule amene mwatchena zitenje zofanana kuyambira mbandakucha, oimba, ana asukulu, amayi ndi abambo. Ngati pali amene ndamudumpha, mlandu ndi wa dzuwa la pa Ngabu, thukuta lafufuta dzina lake papepala langali. Takhuta kwambiri pondiitana kwathu.

Andiuza kuti ndilankhule mphindi khumi. Amene ananena zimenezo sanakhalepo pamaliro pamene ine ndikulankhula.

M'mawa uno tikutsika mapiri aja kulunjika pa Thabwa, pa wailesi ya m'galimoto panalira nyimbo ya Lucky Stars, Chinafuna M'bale. Dalaivala wanga ndi mwana wa ku Rumphi, uyo wabisala kuseli kwa galimotoyo. Anaiimba yonse, kuyambira poyamba mpaka pothera, chiwongolero chikuchita ngati ng'oma. Nditamufunsa kuti kodi mwana iwe ukudziwa chimene ukuimbacho, anaseka n'kunena kuti bwana, Chisena sindimva, koma nyimboyi ndinakula nayo. Ndinanyadira, chifukwa a Boniface Ndamera ndi anzawo anatenga chilankhulo cha kuchigwa kuno n'kuchilowetsa m'nyumba za ku Rumphi, kumene ngakhale phungu wathu sanafikeko. Koma tikuwoloka mlatho wa Kamuzu ndinayamba kulingalira zina. Mwana wa ku Rumphi tingamukhululukire. Nanga ana athu a pa Nchalo, pa Bangula ndi ku Marka? Ambiri nyimbo za makolo amazivina ndi chiuno chokha. Ukawafunsa kuti anaipeka ndani, chinamupweteka n'chiyani kuti aimbe chotero, amangokuyang'ana ngati wawafunsa masamu a Fomu 4.

Nyimbo sibwera yokha ngati bowa. Tengani Napolo, imene aliyense wa msinkhu wanga anaimva pa MBC. Mu December 1946 mvula inagwa yosalekeza pa phiri la Zomba, madzi anatsika ndi miyala ndi mitengo, milatho inakokoloka, anthu anafa. Makolo ankati napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, wasamuka kupita kunyanja. A Paseli Brothers anatenga gitala n'kuika tsoka limenelo m'nyimbo. Malipoti amene azungu analemba za chigumula chija ali m'mafayilo ku Zomba, owawerenga ndi owerengeka. Nyimbo ija ndiyo yachititsa kuti mpaka lero madzi akatsika m'phiri, kaya ku Phalombe mu 1991, kaya ku Soche mu 2023, Mmalawi aliyense amadziwa dzina loti atchule.

Tsopano ndibwere pafupi ndi kwathu, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono, oyendetsa mwambo musayang'ane wotchi. Kumunsi kwa Zambezi, ku Mopeia, kunali banja la Apwitikizi lotchedwa Paiva Raposo. M'zaka za m'ma 1890 kumeneko kunayamba ulimi wa nzimbe, umene pofika 1920 unakula n'kukhala kampani ya Sena Sugar Estates, ya minda mpaka ku Marromeu ndi ku Luabo. Ogwira ntchito m'minda imeneyo ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Ankachita kugwidwa pachibalo, malipiro ake osakwana ndi mchere womwe, ukachedwa mbalamatodya m'manja. Munthu wotere akadandaule kwa yani? Bwalo la milandu ndi la Mpwitikizi, wapolisi ndi wa Mpwitikizi. Ndiye anthu aja anapeka nyimbo ya pantchito, n'kuitcha dzina la Paiva. Mawu ake sindingawatchule pano, abusa ali pamzere woyambawu, komanso ana alipo. Dziwani chabe kuti anali mawu otukwana, olasa pamtima.

Chodabwitsa chake n'chakuti a Paiva eni ake atapita, nyimbo inatsala. Dzina lija linasanduka la kapitawo aliyense wankhanza, la kampani yonse, la ulamuliro wonse. Amuna ankaiimba podula nzimbe ndi popalasa bwato, amayi ankaivina kumudzi, pakati pa gule n'kuchita sewero lotsanzira mmene wapolisi amagwirira anthu. Akatswiri awiri a mbiri, Leroy Vail ndi Landeg White, atapita kumeneko Mozambique itangolandira ufulu mu 1975, anaipeza ikuimbidwabe, ndipo mu 1978 analemba mbiri ya nyimbo imodzi yokhayo. Taganizani, nyimbo imodzi kusunga nkhani ya zaka pafupifupi 80, popanda pepala, popanda wailesi.

N'chifukwa chiyani ndikunena za ku Mozambique pa Ngabu? Funsani agogo anu kumene anachokera agogo awo. Ambiri a ife Asena makolo athu anawoloka malire pothawa chibalo chomwecho, ena pothawa nkhondo ya Makombe ya 1917, n'kulandiridwa ndi mafumu a Amang'anja nthawi imene Nsanje inkatchedwa Port Herald. Anabwera ndi mtolo pamutu, mwana kumsana, utse ndi valimba m'mutu. M'zaka za m'ma 1980 abale athu anabweranso pothawa nkhondo, tinagawana nawo chitsime ndi manda. Nkhani zonsezo zili m'nyimbo zimene magulu awa atiimbire lero, ngati pali wozifunsa.

Ine sukulu yanga yoyamba ya nyimbo inali pamtondo. Agogo anga aakazi akamasinja mapira ndi mlamu wawo, misi iwiri ikulowa mosinthana, mpheta zikudikira pambali, ankaimba nyimbo imene ine ndinkangoyesa yosangalatsa ntchito. Agogo aamuna akakhala pansi pa mtengo wa bwemba akusoka ukonde, nyimbo ikangoyamba ankadzuka mwakachetechete kupita kudimba, ngakhale dzuwa lili paliwombo. Ndinazindikira ndili mnyamata wamkulu kuti nyimbo ija inkanena za mwamuna wina amene anakagulitsa thonje la chaka chonse, n'kubwerako patapita masiku atatu ndi chipewa chatsopano basi. Dzina silinkatchulidwa. Koma chipewacho tonse tinkachiona pamsomali. Abambo mukusekawo, ndikuona ena mwagwira zipewa zanu.

Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinabwereka wailesi ya kaseti, ndinagula mabatire, n'kukajambula agogo ajawo ndi anzawo madzulo atatu. Anaimba za pamtondo, zotonthoza mwana, za pamaliro, ndipo pakati pake ankafotokoza kuti iyi inayamba chaka cha dzombe, iyi anapeka ndi mayi amene mwamuna wake anapita ku Joni osabwerako. Makaseti anayi. Ndinawaika m'sutikesi ya chitsulo kumudzi kutsidya kwa Shire, ndikumati ndidzawalemba ndikadzapuma pantchito. Mu January 2015 madzi anabwera usiku. Anthu tinawapulumutsa, tithokoze Mulungu. Sutikesi ija inapezeka patapita milungu iwiri m'munda mwa munthu wina, yodzaza matope. Ndinayesa kutsuka tepi imodzi ndi madzi a pamjigo, n'kuikulunga ndi bolopeni monga tinkachitira kale. Sinalire. Pamenepo sindiloza munthu chala, wozengereza ndinali ine.

Ndipo madzi sanaleke. Idai mu 2019, Ana mu January 2022 amene anagumula damu la Kapichira dziko lonse n'kukhala mumdima, Freddy mu March 2023. Tikamawerenga zotayika timawerenga nyumba, ng'ombe, mbuzi, mahekitala a chimanga. Palibe fomu ya boma imene ili ndi mzere wolembapo kuti mudzi uno wabalalika, gulu lake la likhuba latha, woimba valimba wasamukira kumsasa ndipo zikho zake zapita ndi madzi. Amene munaonapo valimba pafupi mukudziwa ntchito yake. Pansi pa thabwa lililonse pamapachikidwa chikho cha msinkhu wake, pachikhopo kabowo komatidwa ndi kansalu koyera ka kangaude kuti mawu azinjenjemera. Kupeza zikho zogwirizana mawu ndi ntchito ya miyezi. A Kambazithe Makolekole, katswiri wa valimba wa chigwa chino, analembedwa m'magazini ya akatswiri a nyimbo ku South Africa mu 1991. Hugh Tracey anajambula nyimbo za Amang'anja m'zaka za m'ma 1950, ndipo zikusungidwa ku Rhodes University. Kunja akutisungira. Ife eni ake tikusunga m'masutikesi m'mphepete mwa Shire.

Ana asukulu, imikani manja amene kwanu kuli foni yojambula mawu. Ehe, taonani manjawo. Aphunzitsi aakulu, mwaona? Pempho langa ndi ili, ndipo silifuna ndalama za khonsolo. Teremu ikubwerayi mwana aliyense wa Sitandade 7 ndi wa Fomu 3 akakhale pansi ndi gogo mmodzi, ajambule nyimbo imodzi, kenako afunse mafunso atatu: munaiphunzira kwa yani, inkaimbidwa pa chiyani, inkanena ndani. Alembe m'chilankhulo chimene gogoyo walankhula, Chisena chikhale Chisena, Chimang'anja chikhale Chimang'anja, osachikonza kuti chifanane ndi cha m'buku. Kope limodzi likhale kusukulu, lina ku ofesi ya zamaphunziro pa boma, lina kwa a wailesi. Malo atatu, kuti madzi akatenga amodzi ena atsale. Koma za ku Khulubvi ndi za kudambwe musakajambule mwachisawawa. Zimenezo zili ndi eni ake, mukayambe mwagwada kwa mafumu, akakana mwakanidwa.

Ndipo inu achinyamata oimba, ndikudzudzuleni pang'ono pamaso pa makolo anu. Mukangokwera phiri kufika ku Blantyre, Chisena mumachisiya pa Thabwa ngati katundu woletsedwa. Mumayamba kuimba ngati anyamata a ku Lagos. Malemu Joseph Tembo, amene anakhalapo phungu kuno ku Chikwawa ndipo anatisiya mu 2019, anavinitsa dziko lonse ndi Dimingu osabisa kumene anachokera. A Agorosso aimba Chisena pamaso pa anthu osamva ngakhale liwu limodzi, anthuwo n'kuwomba m'manja. Taonaninso a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Anaimba Buffalo Soldier akulakalaka kudzaona America, anthu n'kumaseka kuti ndi maloto a nkhalamba, koma mu 2016 anakaimba ku Library of Congress ku Washington. Linny Hoo ndi nyimbo ya bambo yoimbira mwana wake wamkazi, basi. Atabwereza kuiimba ndi a Patience Namadingo, inaonedwa maulendo oposa 80 miliyoni pa TikTok, mwini wake ali ndi zaka zoposa 90, alibe ndi foni yamakono yomwe.

Pomwepo pali bala lina. Nyimbo kuzungulira dziko lonse, woimba kugona m'nyumba yodontha. Anyamata oika nyimbo m'mamemore khadi pa Dyeratu ndi pa Nchalo, sindikuti mutseke mabenchi anu, nanunso mukusaka ya ndiwo. Koma dziwani kuti chimene mukugulitsacho chili ndi mwini. Boma linakhazikitsa COSOMA mu 1992, ndipo lamulo la umwini wa zaluso linakonzedwanso mu 2016. Oimba kalembetseni nyimbo zanu, musadikire kuti tidzakusonkhereni ya bokosi. Nanunso a mabungwe ndi andale, ine ndemwe ndili momwemo, tikaitana gulu la utse kuti lidzavine pamsonkhano, tisamalibweze ndi botolo la Fanta ndi zikomo. Amayiwa asiya madimba awo kuti adzatikometsere mwambo. Amayi, ndanama? Mwamva nthungululuzo, abwanamkubwa.

Boma likukumba ngalande yaikulu yothirira kuchokera ku Kapichira, yoti idzafikitse madzi m'minda ya mahekitala oposa 40,000 m'maboma athu awiriwa. Ndi ntchito yaikulu ndipo tiyamike, chifukwa Shire adzalowa m'munda mwathu titamuitana tokha. Ndikudziwa kuti nyimbo za ngalandeyi zayamba kale kupekedwa m'midzi, zina zoyamika, zina zofunsa za chipukutamisozi cha malo. Akuluakulu a ntchitoyi, zonse ziwiri muzimvere. Yachiwiriyo muimvetsere kawiri.

Oweruza mpikisano, pepala lanu ndaliona, lili ndi malikisi a kavalidwe, kavinidwe ndi mawu. Ndapempha kuti gulu lililonse lisanayambe, mmodzi aime n'kutiuza m'mawu ochepa kumene nyimbo yawo inachokera. Gulu limene lifotokoze bwino koposa, mbuzi yamangidwa kuseli kwa kalasi iyo ndi yawo, ndagula ndi ndalama za m'thumba mwanga, mayi akunyumba asamve.

Mbuya Lundu, mafumu, amayi ndi abambo, mphindi khumi zija zatha kalekale. Mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti mpikisano wathu watsegulidwa. A valimba, ndamva kuti ndinu oyamba. Dalaivala wanga uja abwere akhale kutsogolo kuno, wina azimumasulira.