Amene Amasamalira Odwala, Amawasamalira Ndani?

Mawu amene anawerengedwa pa msonkhano wa makomiti a chitukuko ndi makomiti oyang'anira zipatala zazing'ono m'boma lino. Asindikizidwa pano kuti amene sanafike nawonso awerenge.



Pali dandaulo limodzi limene silisowa pa misonkhano ya chitukuko. Namwino wakalipira mayi wodwala. Adokotala atsegula mochedwa. Mlangizi wa zaumoyo sakuonekanso m'mudzi. Dandauloli ndi lomveka, ndipo khonsolo ilibe cholinga cholikwirira. Mayi amene wayenda mtunda wautali atabereka mwana wotentha thupi sayenera kulandiridwa ndi mawu olasa, zivute zitani. Komabe msonkhano wa lero ukufunsa funso lina, limene kawirikawiri silifunsidwa: kodi munthu amene analowa ntchitoyi ali wachifundo, n'chiyani chimamuumitsa mtima pakapita zaka zingapo?

Yankho lake limayambira usiku. Pa zipatala zambiri za kumudzi, namwino amene alinso mzamba amakhala m'nyumba ya kuseri kwa chipatala. Pakati pa usiku mlonda amagogoda kudzanena kuti kwafika mayi woti achire. Mabatire a sola amakhala atatha kale mphamvu, choncho gadiyani amagwira tochi ya foni kuti namwino aone chimene akuchita. Mwana amabadwa, koma mayi n'kuyamba kutaya magazi. Ambulansi imaitanidwa, koma ili kwina ndi wodwala wina, kapena mvula yadula msewu. Namwino amabaya jakisoni, amaika diripi, amafikisa mimba ya mayi kuti chiberekero chilimbe, uku akumvetsera ngati kukubwera galimoto. Masiku ambiri mayiyo amapulumuka, ndipo palibe amene amamva za usikuwo. Tsiku lina sapulumuka.

Kukacha, namwino yemweyo amasintha yunifolomu n'kukapeza mzere wa amayi a sikelo ukumudikira. Palibe amene amamufunsa ngati wagona kapena ngati walawa kanthu. Thupi likapita kumudzi, abale amasonkhana, amalira, amagona pa siwa, anansi amabwera kudzakhuza, ndipo mwambo wonsewo umawathandiza kutsitsa chisoni pang'onopang'ono. Namwino amene mayiyo anatsirizikira m'manja mwake alibe siwa. Chisoni chakecho amachipinda n'kuchiika m'thumba, pamwamba pa china cha mwezi watha.

Vutoli lili ndi dzina. M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalemba m'buku lake la mayina a matenda za kutopa kotheratu kumene pa Chingerezi amati burn-out. Silinakutchule kuti ndi nthenda, koma vuto lochokera ku ntchito, lobwera pamene munthu wapanikizika kwa nthawi yaitali popanda mpumulo. Zizindikiro zake ndi zitatu. Munthu amatheratu mphamvu, kotero kuti ngakhale akadzuka m'mawa amakhala ngati walima tsiku lonse. Amayamba kutalikirana ndi ntchito yake mumtima, n'kumaona odwala ngati mzere chabe wofunika kuumaliza. Pomaliza amayamba kudzikayikira, n'kumaona ngati palibe chabwino chimene akuchita. Chizindikiro chachiwirichi ndi chimene kumudzi chimaoneka ngati mwano. Si mwano wonse umene umachokera ku kutopa. Alipo ena amene ndi khalidwe lawo basi, ndipo amenewo pali njira yowadzudzulira. Koma ambiri mwa amene amadandaulidwa lero anali okoma mtima pamene ankafika, ndipo anthu a m'deralo amakumbukira.

Zaka zaposachedwazi zawonjezera katundu. Mliri wa COVID-19 utalowa m'dziko muno mu Epulo 2020, ogwira ntchito zachipatala ena ankakanizidwa kukwera minibasi poopa kuti apatsira ena matenda. Mliri wa kolera unayamba mu Malichi 2022, n'kufalikira m'maboma onse, ndipo unapha anthu oposa 1,700. Amene ankagwira ntchito m'misasa ya kolera ankakhala pakati pa matenda otsegula m'mimba usana ndi usiku, ndipo m'malo ena anthu okwiya ndi mphekesera anaphwanya zipatala, kuwaloza chala omwe ankawathandizawo. Kolera asanathe, mu Malichi 2023 kunagwa namondwe wa Freddy, amene anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera. Ena mwa anamwino ndi alangizi amene ankathandiza m'misasa ya othawa madzi anali atataya nyumba zawo, ena abale awo. Mavuto atatu akuluakulu m'zaka zitatu, ndipo pakati pake panalibe nthawi yoti munthu akhale pansi n'kuusa moyo.

Nanga wogwira ntchito zachipatala angadzithandize bwanji? Mawu akuti kudzisamalira amamveka ngati a anthu a m'tauni amene ali ndi nthawi yotaya, pamene zimene akutanthauza ndi zomwe namwino yemweyo amalangiza odwala tsiku lililonse. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndipo amene wachezera usiku wonse ayenera kugona masana, osati kuthamangira shifiti ina ya locum. Apa pali msampha, pakuti ndalama ya locum ndi imene imalipirira ana sukulu ndi kubweza ngongole ya katapila, ndipo palibe amene angamuseke munthu woifunafuna. Koma wogwira shifiti zotsatizana asanagone ndi amene amasokoneza mlingo wa mankhwala, ndiponso ndi amene amadzibaya ndi singano yogwiritsa kale ntchito. Zikatero pasakhale manyazi kapena kuzengereza: mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa msanga, pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Alipo amene amabisa ngoziyi poopa kuoneka osasamala, n'kukhala miyezi ali ndi nkhawa imene ikanatha ndi kulankhula kamodzi.

Chakudya nachonso chimaiwalika. Pa chipatala cha anthu awiri kapena atatu, nthawi ya nkhomaliro imadutsa mzere usanathe, ndipo munthu amafika madzulo atamwa tiyi yekha. Kupuma mphindi makumi awiri kuti adye si kuba nthawi ya odwala. Tchuthi nachonso si mphatso yochokera kwa bwana. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limanena kuti wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata apume masiku osachepera 18 pa chaka, ndipo wa masiku asanu apume osachepera 15. Vuto la kumudzi ndi lakuti namwino akachoka palibe wotsala, choncho tchuthi chimangosunthidwa chaka ndi chaka. Uwu ndi udindo wa akuluakulu a zaumoyo pa boma, kuti akonze ndandanda ya tchuthi chaka chikamayamba ndi kupeza wogwirizira, osadikira kuti munthu achite kugwa.

Chovuta kwambiri ndi kulankhula. Ntchito ya chipatala imaphunzitsa munthu kuumitsa nkhope, ndipo ndi bwino kutero pamaso pa wodwala amene ali ndi mantha. Koma ambiri amapita nako kuumitsaku kunyumba. Mkazi kapena mwamuna wawo amangoona kuti munthu wasiya kucheza, akupsa mtima ndi ana pa zinthu zazing'ono, wasiya kupita ku kwaya kapena ku mpira. Ena amapeza pothawira m'botolo. Imfa yowawa ikachitika pa chipatala, ogwira ntchito amayenera kukhala pansi pamodzi tsiku lomwelo kapena lotsatira, osati kungolemba malipoti, koma kufunsana mmene aliyense akumvera. Kafukufuku amene amachitika mayi akamwalira pobereka cholinga chake n'chopeza pamene panalakwika kuti zisadzachitikenso, osati kusaka woti amupachike. Kafukufukuyu akasanduka bwalo la milandu, anthu amaphunzira kubisa, ndipo kubisako kumadwalitsa iwo eni ndi kupha odwala ena.

Pali malire amene kucheza ndi mnzako sikukwaniranso. Ngati munthu wakhala wosasangalala kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, tulo sakulipeza, chakudya sichikumukomera, zimene ankakonda sakuzifunanso, kapena chithunzi cha imfa ina chikumubwerera mobwerezabwereza, ameneyo akufunika thandizo la akatswiri a matenda a maganizo. Ngati wayamba kuganiza zodzipha, thandizolo likufunika tsiku lomwelo, ndipo amene wamva mnzake akulankhula zotero asamusiye yekha kapena kuganiza kuti ndi nthabwala. Pa zipatala za maboma pamakhala anamwino kapena madokotala ophunzira za matenda a maganizo. Palinso chipatala cha boma cha matenda a maganizo ku Zomba, ndi zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Chimene chimalepheretsa ambiri si mtunda, koma manyazi. Namwino amadzifunsa kuti akaima bwanji pa mzere umene anthu amamudziwa, ndipo akauza bwanji mnzake wa ntchito zakukhosi kwake popanda nkhaniyo kufika m'makonde onse. Chinsinsi chimene wodwala aliyense amalonjezedwa n'choyeneranso kwa wodwala wovala yunifolomu, ndipo ngati sakumasuka pa chipatala chake, ali ndi ufulu wopempha kuonedwa kwina.

Zonsezi zikanakhala nkhani ya ogwira ntchito okhaokha, sizikanabwera pa msonkhano wa mafumu ndi makomiti. Zabwera chifukwa gawo lina la katunduyu limachokera kumudzi, ndipo kumudzi komweko lingachepetsedwe.

Kugogoda kwa usiku ndi chitsanzo. Mayi amene matenda ayamba, mwana amene akukomoka kapena akubanika, munthu wolumidwa ndi njoka, wovulala pa ngozi: amenewa agogode nthawi iliyonse, ndipo namwino woona sangadandaule. Koma pali ena amene chifuwa chawavuta sabata yathunthu, masana anali kumunda kapena kumsika, ndipo asankha usiku chifukwa kulibe mzere. Palinso mwana amene anayamba kutentha thupi Lolemba, makolo n'kuyamba ayesa zina, n'kufika naye Lachinayi usiku magazi atamuthera. Mwana wotentha thupi akafika tsiku loyamba, amayezedwa malungo, n'kulandira LA ngati apezeka nawo, n'kubwerera kwawo. Akafika mochedwa, usiku wonse umathera pa iye, ndipo nthawi zina umathera pachabe. Mlangizi wa zaumoyo, amene malinga ndi ndondomeko ya boma amayenera kutumikira anthu 1,000 koma m'madera ambiri amatumikira ochuluka kuposa apo, ali ndi kiliniki ya m'mudzi ya ana osakwana zaka zisanu pa chifukwa chomwechi.

Kadandaulidwe nakonso kali ndi njira yake. Wolakwiridwa ali ndi ufulu wonse wodandaula, ndipo njira zake zilipo: komiti yoyang'anira chipatala, mkulu wa pa chipatalapo, ndi ofesi ya ombudsman wa chipatala amene ntchito yake ndi kumva madandaulo a odwala. Njira zimenezi zimafufuza mbali zonse ziwiri, ndipo wolakwa amadzudzulidwa. Kutukwana pakhonde, kuopseza, kapena kujambula munthu n'kumuika pa Facebook ndi pa WhatsApp nkhani isanamveke, kumabala chinthu chimodzi: kalata yopempha kusamutsidwa. Ikavomerezedwa, chipatala chimene chinali ndi anamwino awiri chimatsala ndi mmodzi, ndipo mbiri ya deralo imafika kwa ena onse amene akanatumizidwa kumeneko. Mafumu akudziwa bwino kutalika kwa nthawi imene dera limadikira kuti lilandire wina.

Kenaka pali zimene zimamangidwa ndi manja. Pokonza mapulani a chitukuko cha m'midzi, anthu amakonda kusankha mlatho, mdadada wa sukulu kapena chipinda chatsopano cha odwala, ndipo zonsezi ndi zofunika. Nyumba ya ogwira ntchito imabwera kumapeto, ngati kuti ndi yopindulira munthu mmodzi. Koma chipatala chokhala ndi nyumba imodzi chimakhala ndi namwino mmodzi, ndipo namwino mmodzi alibe wosinthana naye usiku. Nyumba yachiwiri ndi imene imabweretsa tulo kwa woyambayo. Chimodzimodzinso mjigo pafupi ndi chipatala, mabatire atsopano a sola, chimbudzi chabwino, ndi msewu wolambulidwa kuti ambulansi ifike m'dzinja. Izi zikhoza kulowa m'mapulani a VDC, kukwera ku ADC, mpaka kufika mu ndondomeko ya chitukuko cha boma lonse, kumene thumba la CDF ndi matumba ena a khonsolo amatengako ntchito zake. Mchenga, miyala ndi manja ogwira ntchito zimapezeka m'midzi momwemo.

Zina sizifuna ngakhale tambala. Ogwira ntchito ambiri ndi alendo m'dera limene akutumikira. Anachokera ku maboma ena, makolo awo ali kutali, ena anasiya banja m'tauni. Mlendo wotere akadwala, akaferedwa, kapena mkazi wake akachira, mudzi umayenera kufika pakhomo pake monga umachitira ndi wina aliyense. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti amayendera odwala m'chipatala kawirikawiri, ndipo podutsa pakhomo la namwino angathe kuima pang'ono n'kufunsa za moyo wake. Mayi amene anapulumuka usiku uja angabwere ndi mwana wake atakula pang'ono kudzamuonetsa kwa amene anamulandira. Ogwira ntchito zachipatala amaona odwala akamavutika, koma kawirikawiri saona mathero abwino a ntchito yawo, chifukwa wochira sabwereranso.

Pa chifukwa chimenechi, makomiti oyang'anira zipatala akupemphedwa kuti pa msonkhano wawo wotsatira, atawerenga mankhwala amene afika ndi kumva madandaulo a odwala monga mwa masiku onse, afunsenso ogwira ntchito mafunso awa: ndani anagwira ntchito usiku angati mwezi watha, ndani sanapite ku tchuthi chaka chino, ndipo ndi chiyani chimodzi chimene mudzi ungakonze mvula isanayambe. Mayankho ake aperekedwe kwa khansala wa deralo, kuti akawatule ku komiti ya zaumoyo ya khonsolo.