Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsekera Maphunziro a Atsogoleri Atsopano a Magulu a Alimi ku Domwe



A Shefu a Posto ya Domwe, mafumu athu ndi anyakwawa, akuluakulu a mipingo, alangizi a zaulimi, aphunzitsi amene mwakhala ndi anthuwa masiku onse a maphunziro, amayi ndi abambo, makamaka inu apampando, alembi, asungichuma, akapitawo ndi oyang'anira nyumba zosungira mbewu amene mwangosankhidwa kumene: ulemu wanga ufike kwa nonsenu.

Ndathokoza pondiitana. Chimanga chayamba kuuma m'minda, soya wafika pozula, ndipo aliyense wa inu wasiya ntchito kunyumba kuti adzakhale pano. Tsono sindikusungani nthawi yaitali, koma zimene ndabwera nazo ndizinena mosabisa.

Angonia ndi nkhokwe ya chigawo cha Tete. Chimanga, nyemba, soya, fodya ndi kachewere zochokera kumapiri kuno zimadyetsa ndi kulemeretsa anthu amene phiri la Domwe sanalionepo n'komwe. Nthaka tili nayo, mvula imatikonda. Ku Ulongwe kuli sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya UniZambeze, ku Ntengo Umodzi kuli malo ofufuzira mbewu. Boma linaika lamulo la magulu a alimi mu 2006 ndi la makopaletivu mu 2009 kuti gulu lizilembetsedwa ndi kudziwika. Nanga bwanji magulu ambiri amabadwa ndi nthungululu, koma pakangotha zaka ziwiri kapena zitatu mumangopeza chikwangwani chokha? Mukafufuza bwino, mupeza kuti chilala sichinaphe gululo. Linafa chifukwa anthu analeka kuuzana zoona, ndipo wogwira ntchito mokhulupirika anatopa osamvako mawu oti zikomo.

Achikulire muli pano mukukumbukira CAIA, minda ikuluikulu ya boma imene inakhazikitsidwa kuno ku Angonia titalandira ufulu mu 1975. Malo analipo, mathirakitala analipo, antchito anali ambirimbiri. Nkhondo yapachiweniweni inawononga, zimenezo n'zoona. Koma mavuto anali atayamba kale: mapulani ankachokera m'maofesi akutali, ndipo mawu ankangotsika kuchokera kumwamba, osakwerako kuchokera kwa wogwira khasu. Mu 1983, Msonkhano Waukulu Wachinayi wa Frelimo unavomereza kuti minda ikuluikulu ya boma sinkabala molingana ndi chuma chimene inkadya, ndipo unati alimi a m'mabanja ayambe kulabadiridwa. Phunziro lake n'lakuti makina ndi ndalama sizilowa m'malo mwa mtsogoleri womva anthu ake.

Tiyambe ndi mpando mwakhalapowo. Cha m'ma 1870, Angoni a Maseko anadzakhazikika pansi pa phiri lomweli pochokera ku Songea, komwe mfumu yawo Mputa inafera. Amene anawatsogolera pa ulendo wonsewo anali Chidyaonga, mbale wake wa Mputa, pakuti Chikuse mwana wa mfumu anali wamng'ono. Chidyaonga anali ndi mwana wakewake, Chifisi, komabe atamwalira mu 1878 ufumu unapita kwa Chikuse, mwini wake. Chidyaonga ankangousunga. Inunso mpandowo mwangosungitsidwa. Eni ake ndi mamembala amene anakweza manja pokusankhani, ndipo ena mwa iwo ndi makolo amene anabwerera kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhondo itatha mu 1992, n'kuyambanso ndi khasu limodzi. Thumba limene akupereka m'manja mwanu analikhetsera thukuta. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

M'masabata oyamba musathamangire kusintha zonse kuti anthu adziwe kuti kwabwera bwana watsopano. Yendani, funsani. Mlonda amene wakhala panyumba yosungira mbewu zaka zambiri akudziwa pamene denga limadontha ndi pamene makoswe amalowera. Mayi wosankha nyemba akudziwa mudzi umene umabweretsa mbewu yosauma. Mukamva zonse, khalani pansi ndi munthu aliyense mumuuze momveka: ntchito yanu ndi iyi, iyenera kutha tsiku lakuti, ikavuta mudzandipeze. Munthu amene simunamuuze chochita mulibe chomudzudzulira. Ndipo musakumbatire zonse nokha, makiyi inu, sikelo inu, buku inu, ndalama inu. Wotero amadwala ndi ntchito, ndipo tsiku limene wapita kumaliro gulu lonse limaima.

Tsopano ndifike pa nkhani imene atsogoleri atsopano ambiri amaiopa: kudzudzula. Kwathu kuno tonse ndife abale. Mlembi ndi mlamu wanu, kapitawo munakulira naye limodzi, msungichuma mumapemphera naye tchalitchi chimodzi. Ndiye cholakwa chikachitika, ena amangoti chete poopa kudana. Ena amasunga mumtima miyezi ingapo, kenako n'kuphulika pagulu. Njira zonse ziwirizi zimapha ntchito.

Taganizirani tsiku lolandira soya. Ngolo ndi njinga zadzaza pabwalo, amayi ali pamzere ana kumbuyo. Sikelo yaonetsa makilogalamu 47, mlembi walemba 42. Mayi mwini thumba wadandaula. Mtsogoleri wosakhwima amayamba kukuwa, "Wakuba iwe, ndinkadziwa!" Anthu onse amva, mnyamata wachita manyazi, ndipo kuyambira tsiku limenelo mwadzipangira mdani amene azibisa cholakwa chilichonse. Mtsogoleri wanzeru amayamba wakonza za mayi uja: thumba liyezedwenso, buku likonzedwe iye akuona, apepesedwe. Madzulo anthu atabalalika, amamuitanira mlembi pambali, n'kukhala naye pansi: "Achimwene, pa thumba la amayi aja sikelo inati 47, buku linati 42. Chinachitika n'chiyani?" Akafunsa amakhala chete, kudikira yankho. Mwina mnyamatayo waima chiimire kuyambira m'mawa, yekha kuwerenga sikelo, yekha kulemba. Mwina maso akumuvuta. Mwinanso analidi ndi maganizo oipa. Simungadziwe musanafunse. Mukatero gwirizanani chochita: kuyambira mawa wina aziwerenga sikelo mokweza, wina azilemba, mwini thumba aziona nambala asanachoke. Pakatha sabata mudzaonenso buku, ndipo ngati zasintha mumuuze kuti mwaona.

Mwaona mmene zayendera. Mwalankhula tsiku lomwelo, nkhani isanazizire. Mwalankhula pambali. Mwatchula chimene chalakwika ndi nambala yake, osatukwana munthu, osakumba za chaka chatha, osatchula za kwawo. Mwamva mbali yake, ndipo mwasiyana mutapangana. Akakhala wamkulu kwa inu, mupatseni ulemu wake wonse, muvule chipewa ngati n'kofunika, koma nambala ikhalebe 47. Ulemu usabise chilungamo.

Kulakwitsa ndi kuba n'zosiyana. Wolakwitsa mumuphunzitse. Wakuba, umboni ukapezeka, nkhani yake ipite ku komiti motsata malamulo a gulu, ngakhale atakhala mwana wa mlongo wanu. Kwa inu amene muli ndi antchito olembedwa, dziwani kuti Lamulo la Ntchito nambala 13/2023, limene linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024, silikulolani kuchotsa munthu ndi pakamwa chifukwa mwapsa mtima. Mlandu wake ulembedwe papepala, iye apatsidwe mpata woyankha. Ngakhale pabwalo la mfumu sagamula mlandu atangomva mbali imodzi.

Kudzudzula kokha sikumanga gulu. Pakufunikanso kuyamika, ndipo apa ndi pamene ambirife timaumira ngati mawu amagulidwa. Ena amati, "Ndimuthokozerenji, si ntchito yake?" Inde ndi ntchito yake, koma pali kugwira ntchito ndi manja okha, palinso kuigwira ndi mtima. Mvula yadzidzidzi yagwa pakati pa usiku, denga layamba kudontha pakona. Mlonda akanatha kukhala m'kanyumba kake, popeza ntchito yake ndi yoletsa akuba. Koma wayatsa tochi, wakoka matumba limodzilimodzi, wawafunditsa lona, kwacha ali chinyowere. M'mawa inu mwafika, mwaona matumba ali ouma, mwangodutsa. Kodi mvula ikadzagwanso adzadzuka?

Munthu wotere mumuyamike pagulu. Pamsonkhano wa mamembala muimikeni, munene chimene anachita, usiku wake ndi matumba amene anapulumuka, anthu amuombere m'manja. Ndipo muthokozeni monga timathokozera kwathu kuno, ndi mfunda wake: zikomo a Phiri, zikomo a Maseko, mwagwira ntchito a Nabanda. Munthu akamva mfunda wake ukutchulidwa pa chinthu chabwino, ulemuwo amapita nawo kunyumba, ana ake amaumva. Mawu oti "nonse mukuchita bwino" sakhutitsa aliyense. Tchulani munthu, tchulani ntchito.

Poyamika chenjerani ndi zinthu zitatu. Musamayamike anthu omwewomwewo, anzanu okhala nawo pa bawo. Yang'anani amene saoneka: amayi opeta ndi kusankha mbewu, anyamata onyamula matumba, mtsikana wosesa. Musalande ulemu wa ena: alendo akabwera kuchokera ku Ulongwe kapena ku Tete n'kuyamikira buku losungidwa bwino, nenani kuti ndi ntchito ya mlembi, mumuitane apereke moni. Ndipo musaganize kuti mawu okoma angalowe m'malo mwa malipiro. Waganyu amene munapangana naye kuti alandira Loweruka alandire Loweruka. Ndalama zikachedwa kuchokera kwa ogula, auzeni anthu msanga chifukwa chake ndi tsiku limene mukuyembekezera, osawathawa. Zikomo wa bwana wosalipira amamveka ngati chipongwe. Mpata ukapezeka wa maphunziro kapena ulendo wokaona ulimi kwina, tumizani amene akulimbikira, osangodzilemba nokha ulendo uliwonse.

Chomaliza n'cholemera kuposa zonse: inunso lolani kudzudzulidwa. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Tsiku limene anthu anu adzaleke kukutsutsani, musadzati zinthu zili bwino. Adzakhala kuti akuopa, kapena ataya mtima, ndipo nkhani zanu zikukambidwa kuchigayo ndi kumjigo. Muzifunsa nokha: "Pa ntchito yangayi, n'chiyani chimene chikukuvutani?" Munthu akalimba mtima n'kunena, musamudule pakamwa, musamusungire chakukhosi. Muthokozeni, ndipo chimene chili choona muchikonze anthu akuona. Mabuku a ndalama aziwerengedwa pamsonkhano, matumba olowa, matumba otuluka, mtengo wake ndi mametikali otsala. Amene sadziwa kuwerenga awerengeredwe m'chinenero chathu. Mtsogoleri wa manja oyera saopa mafunso. Ena adzakunenani ngakhale musanalakwe, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Pirirani, yankhani ndi buku ndi ntchito.

Kwa inu amayi ndi achinyamata amene mwasankhidwa koyamba, musadziderere. Anakusankhani chifukwa anaona kukhulupirika kwanu. Ndipo abambo, mayi akakhala pampando mumumvere monga momwe mungamvere mwamuna mnzanu.

Mafumu athu, tikupempha kuti muziwateteza atsogoleriwa pamene akuchita chilungamo, ngakhale wodzudzulidwayo ali wa kubanja lachifumu. Mamembala, mtsogoleri wanu akachita bwino muuzeni, nayenso ndi munthu. Akalakwa muuzeni pamaso, osakamuimba nyimbo kumowa. Aphunzitsi ndi alangizi, tathokoza chifukwa cha ntchito mwagwirayi, koma musathere pano. Nyengo yogula mbewu ikayamba muwayendere m'magulu mwawo, chifukwa mafunso enieni adzabuka sikelo ikadzapachikidwa.

Atsogoleri atsopano, satifiketi mukulandira leroyi ndi umboni woti munaphunzira. Umboni woti mukudziwa kutsogolera udzaoneka chaka chamawa: ngati mamembala achuluka, ngati mabuku ali oyera, ngati antchito anu akubwera kwa inu okha kudzanena pamene palakwika. Ndikukupemphani kuti sabata ino isathe musanachite zinthu ziwiri. Pezani munthu mmodzi amene wakhala akugwira ntchito mokhulupirika popanda womuona, mumuthokoze pamaso pa anzake. Pezaninso nkhani imodzi imene mwakhala mukuopa kuinena, muitane mwini wake pambali, mukambirane mwaulemu mpaka ithe.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunziro a atsogoleri atsopano a magulu a alimi kuno ku Domwe atsekedwa. Mulungu akudalitseni, muyende bwino pobwerera kwanu.