Kafukufuku wa Chuku mu Mtedza: Zomwe Akatswiri Apeza ndi Zomwe Alimi Tikupempha

Mawu omwe adalankhulidwa m'malo mwa alimi pa msonkhano wokambirana ndi akatswiri a kafukufuku



Tikuthokoza kwambiri potipatsa mpata woti nafenso tilankhulepo pa nkhani ya kafukufuku. Pofuna kuti tisangolankhula za m'malere, tasankha chitsanzo chimodzi chomwe mlimi aliyense wa mtedza ndi chimanga akuchidziwa, ndicho chuku. Nkhani ya chuku ikutiphunzitsa kuti vuto limodzi la m'munda limafuna akatswiri a mbewu ndi nthaka, akatswiri a zaumoyo, komanso akatswiri ofufuza za misika ndi kakhalidwe ka anthu, ndipo kuti onsewa ntchito yawo siingaphule kanthu ngati zomwe apeza sizikufika kwa mlimi.

Zomwe apeza akatswiri a mbewu ndi nthaka

M'chaka cha 1960, nkhukundembo zoposa 100,000 zidafa ku England popanda wodziwa chomwe chidazipha. Atafufuza, akatswiri adapeza kuti zidadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil, ndipo mu mtedzawo mudali poizoni wopangidwa ndi mtundu wina wa chuku wotchedwa Aspergillus flavus. Poizoniyu adamutcha aflatoxin. Chuku chimenechi chimakhala m'nthaka, ndipo chimakonda madera otentha monga kwathu kuno.

Kuyambira nthawi imeneyo akatswiri aphunzira zambiri. Chuku chimayamba kulowa mu mtedza usanakumbidwe, makamaka mvula ikadula masabata omaliza mtedza ukukhwima, nthaka n'kuuma ndi kutentha. Chimalowanso mosavuta pa makoko omwe aboola chiswe kapena atemedwa ndi khasu. Mtedza ukakumbidwa, chinyezi ndicho chimachulukitsa poizoniyu: kuyanika pa dothi, kuunjika mtedza wosauma, ndi kusunga matumba pansi m'nyumba yodontha. Chinthu china chofunika kuchidziwa n'chakuti aflatoxin saoneka ndi maso, ndipo kukazinga kapena kuphika kwa masiku onse sikumupha.

Kuno kwathu, bungwe la ICRISAT lidayamba kafukufuku wa mtedza ku Chitedze m'chaka cha 1982, mogwirizana ndi nthambi ya boma yofufuza za ulimi. Ntchito imeneyi idatipatsa mbewu monga CG7 mu 1990, ndi Nsinjiro mu 2000, yomwe imapirira matenda a kadukutu. Nalo bungwe la IITA lidakonza Aflasafe, omwe ndi mapira okutidwa ndi chuku cha mtundu womwewo koma chosapanga poizoni. Akawazidwa m'munda masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa, chuku chabwinochi chimalanda malo a chuku choipa.

Koma tikufuna titsindike phunziro lina. Kwa zaka zingapo alimi ambiri adaphunzitsidwa kuyanika mtedza pouunjika mozungulira ngati kanyumba, njira yotchedwa Mandela cock. Akatswiri a kuno kwathu, motsogozedwa ndi a Limbikani Matumba a ku LUANAR, adayesa njirayi m'minda ya alimi poiyerekeza ndi njira yoyala mtedza m'mizere mouzondotsa, makoko akuyang'ana kudzuwa. Zotsatira zomwe adafalitsa mu 2018 zidaonetsa kuti mtedza wa m'milu ija udali ndi aflatoxin wambiri kuposa woyalidwa m'mizere. Apa tikuona kuti ngakhale ulangizi womveka bwino umayenera kuyesedwa m'munda weniweni wa mlimi usanafalitsidwe dziko lonse.

Zomwe apeza akatswiri a zaumoyo

A Wapampando, kwa nthawi yaitali nkhani ya chuku inkakambidwa ngati nkhani ya malonda okha. Akatswiri a zaumoyo ndiwo adationetsa kuti ndi nkhani ya moyo wa mabanja athu. Nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa, yomwe ili ku Lyon m'dziko la France, idaika aflatoxin m'gulu la zinthu zomwe n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, makamaka khansa ya chiwindi. Kafukufuku yemwe adatsatira amuna oposa 18,000 ku Shanghai m'dziko la China adapeza kuti munthu yemwe ali ndi kachilombo ka hepatitis B, n'kumadyanso chakudya cha aflatoxin, chiopsezo chake chodwala khansa ya chiwindi chimakula pafupifupi ka 60 poyerekeza ndi munthu wopanda zonse ziwirizi. N'chifukwa chake katemera wa hepatitis B, yemwe ana a m'dziko muno adayamba kulandira kusikelo m'chaka cha 2002, ndi mbali imodzi ya nkhondo yolimbana ndi chuku.

Poizoniyu akachuluka amapha mwamsanga. Mu 2004, kum'mawa kwa Kenya, makamaka m'maboma a Makueni ndi Kitui, anthu 317 adadwala ndipo 125 adamwalira atadya chimanga chomwe adakolola m'minda mwawo n'kuchisunga chisanaume. Ng'ombe yamkaka ikadyetsedwa gaga wa chuku, gawo lina la poizoni limatuluka mu mkaka, ndipo n'chimodzimodzi ndi mayi woyamwitsa.

Palinso nkhani ya kupinimbira kwa ana. Kafukufuku wa ku Benin ndi Togo, yemwe adafalitsidwa mu 2002, adayeza magazi a ana 480 ndipo adapeza aflatoxin mwa pafupifupi onse, koma ana opinimbira ndiwo adali naye wochuluka. Komabe kafukufuku wina wa ku Kenya, wofalitsidwa mu 2018, adapatsa mabanja chimanga chabwino m'malo mwa cha chuku, ndipo ngakhale poizoni adachepa m'magazi a ana, pakutha pa kafukufukuyo msinkhu wawo sudasiyane ndi wa ana ena. Choncho akatswiri akadafufuzabe nkhaniyi. Kwa ife m'dziko lomwe kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu adali opinimbira, funso limeneli ndi lalikulu, chifukwa nsinjiro ndizo timalangizidwa kuthira m'phala la mwana.

Zomwe apeza akatswiri a misika ndi kakhalidwe ka anthu

M'zaka za m'ma 1970, mtedza wa Chalimbana unkapita ku Ulaya wambiri ndipo unkabweretsa ndalama zakunja. Msika umenewu udagwa m'zaka zotsatira pa zifukwa zingapo, monga mitengo yotsika yomwe mlimi ankalandira ndi matenda a mbewu, ndipo malamulo okhwima a aflatoxin adapangitsa kuti kubwererako kukhale kovuta. Mayiko a European Union salola mtedza wodya anthu womwe aflatoxin wake wapitirira magawo 4 mwa magawo biliyoni imodzi. Kuti timvetse bwino, zimenezi zikufanana ndi magalamu 4 okha, kasupuni kamodzi ka tiyi, m'matumba 20,000 a makilogalamu 50.

Funso lomwe akatswiri a kakhalidwe ka anthu amafunsa ndi lakuti: ngati njira zopewera chuku zikudziwika, n'chifukwa chiyani sizikutsatidwa? Mayankho awo ndi omwe mlimi amawadziwa kale, koma kafukufuku ndiye amawafikitsa pa tebulo la opanga malamulo.

Poyamba, ntchito yothothola, kuswa ndi kusankha mtedza imagwera amayi ndi ana, ndipo imachitika ndi manja. Kuwaza madzi pa makoko kumafewetsa ntchito yoswa, komanso kumawonjezera kulemera pa sikelo, pamene chinyezi chomwecho ndicho chakudya cha chuku. Kungouza mayi kuti asiye kuwaza madzi, popanda makina oswera omwe angawapeze pafupi, ndi ulangizi wosakwanira.

Kachiwiri, ogula ambiri a m'misika ya kumidzi amagula mtedza wosankha ndi wosasankha pa mtengo umodzi. Mlimi yemwe wataya masiku akuyanika ndi kusankha amapeza kuti matumba ake achepa, koma mtengo wa kilogalamu ndi womwewo.

Kachitatu, ndipo apa ndiye pali nkhawa yathu yaikulu, kusankha ndi manja kumachotsadi gawo lalikulu la poizoni, popeza iye amakhala mu njere zochepa zofota, zosweka ndi zowola. Koma njere zotsalazo zimapita kuti? Nthawi zambiri sizitayidwa. Zimasinjidwa n'kukhala nsinjiro za pakhomo, kapena zimagulitsidwa motchipa kwa opanga nsinjiro ndi chiponde. Mapeto ake mtedza wabwino umapita kunja, pamene poizoni yemwe adachotsedwamo amathera m'ndiwo ndi m'phala la mabanja osauka.

Kachinayi, uthenga sudafike mokwanira. Kafukufuku yemwe adafunsa anthu 805 m'dziko muno, wofalitsidwa mu 2016, adapeza kuti ambiri ankadziwa kuti chuku ndi choopsa, koma pafupifupi theka sankadziwa kuti kuphika sikupha poizoni wake. Akatswiri athu adapezanso aflatoxin m'chimera cha mapira ndi mu mowa wamasese m'chigawo cha kummwera, zomwe zikusonyeza kuti nkhaniyi siithera pa mtedza pokha.

Zomwe tikupempha

Amayi ndi abambo, akulu akale adati mutu umodzi susenza denga. Katswiri wa mbewu atha kutipatsa njira yabwino, koma ndi katswiri wa misika yemwe angafotokoze chifukwa chomwe njirayo ikukanikira pamudzi, ndipo ndi dokotala yemwe angatiuze ngati ana athu atetezekadi. Pachifukwa chimenechi tikupempha izi:

Choyamba, boma liike ndalama zokwanira ku kafukufuku. Atsogoleri a mu Africa adalonjeza ku Maputo mu 2003 kuti gawo la 10 peresenti la bajeti lizipita ku ulimi, ndipo adabwereza lonjezoli ku Malabo mu 2014. Tikupempha kuti pa ndalama za ulimi pazioneka poyera gawo la malo a kafukufuku monga Chitedze, Bvumbwe, Makoka ndi Lunyangwa, komanso gawo la alangizi, kuti ntchitoyi isamadalire thandizo lakunja lokha, lomwe limatha pulojekiti ikatha.

Chachiwiri, maunduna a zaulimi, zaumoyo ndi zamalonda azigwirira limodzi ntchito imeneyi. Uthenga womwe mlangizi akupereka kumunda ukhale womwewo womwe mayi akumva kusikelo ya ana.

Chachitatu, alimi tizikhalapo pamene mafunso a kafukufuku akusankhidwa, ndipo njira zatsopano ziziyesedwa m'minda mwathu, amayi akutenga nawo mbali, zisanakhale ulangizi wa dziko lonse.

Chachinayi, ofufuza azibwerera kumudzi ndi zotsatira. Takhala tikulandira alendo ambiri onyamula mafomu, kuwayankha mafunso tsiku lonse, ena kutenga ngakhale dothi ndi mbewu zathu, koma ochepa ndiwo amabweranso kudzatiuza zomwe adapeza. Zotsatira zilembedwe m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zilankhulo zina, ndipo ziulutsidwe pa wailesi.

Chachisanu, zipangizo zoyezera chinyezi ndi aflatoxin zifike m'malo omwe magulu a alimi amasonkhanitsira mbewu, ndipo ogula azilipira mtengo wokwererapo pa mtedza woyezedwa. Akatswiri atithandizenso kupeza ntchito yabwino ya mtedza wotsala posankha, kuti mlimi asamataye ndalama komanso kuti usamabwerere m'mbale ya mwana.

Kwa alimi anzathu

Pamene tikudikira mayankho a zopempha zathu, pali zomwe kafukufuku watsimikiza kale ndipo tingathe kuzichita chaka chino. Tibzale ndi mvula yoyamba kuti mtedza ukhwime chinyezi chikadalipo, ndipo tipange ngonyeka m'mizere kuti madzi asathawe. Tikumbe mtedza ukangokhwima, mosamala kuti tisateme makoko. Tikathothola tiyanike pa mphasa kapena pa lona mpaka njere zizilira tikagwedeza, ndipo tisunge mtedza ndi makoko ake, matumba atasanjidwa pa mitengo m'malo mouma. Tisawaze madzi poswa. Njere zofota ndi zowola tisadyetse ana kapena ng'ombe zamkaka, ndipo ana onse amalize katemera wawo.

A Wapampando, ife ndife okonzeka kupereka minda yathu, nthawi yathu ndi nzeru zathu ku ntchito ya kafukufuku. Chomwe tikuyembekezera kwa akatswiri ndi kwa boma ndi chakuti pa msonkhano wotsatira mudzatiuze kuti mwa zopempha zisanuzi, ndi ziti zomwe zayamba kuchitika, ndipo zikuchitikira m'maboma ati.