Chombo cha pa Liwonde ndi Makina a ku Balaka

Mtsinje wa Rivirivi umachokera m'mapiri a ku Ntcheu, nudutsa m'dera la Balaka, nukathira mu Shire kumunsi kwa Liwonde. Dera limeneli kale linali boma limodzi lotchedwa Kasupe, kenaka Machinga, mpaka m'chaka cha 1998 pamene Balaka anakhala boma palokha. Ambiri amalidziwa chifukwa cha thonje ndi njanji. Koma nkhani ya lero ikunena za zinthu ziwiri zimene zinachitika m'dera lomweli, zosonyeza kuti kulengeza ufulu wa dziko ndi chinthu china, ndipo kuti anthu akhale mfulu ndi chinanso.

Pa 6 Julaye 1964 mbendera ya Angerezi inatsika, Nyasaland nakhala Malawi. Pasanathe miyezi itatu, nduna za boma zinasemphana maganizo ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda. Zinadandaula za tiki imene odwala analamulidwa kulipira kuchipatala, za kuchedwa kopereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, za ubwenzi ndi Apwitikizi amene panthawiyo ankalamulira Mozambique, ndiponso za mtsogoleri wosafuna uphungu. Mu Sepitembala a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo anachotsedwa pa maudindo awo, ndipo a Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Henry Masauko Chipembere anatula pansi maudindo okha.

A Chipembere sanali mlendo kwa Dr. Banda. Mu 1959 awiriwa anamangidwa pamodzi m'ndende ya Gwelo chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Koma tsopano boma linawalamula kuti asachoke kwawo ku Malindi, ndipo iwo anathawira kumapiri a kum'mawa kwa nyanja. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965, ali ndi anthu pafupifupi 200, anathira nkhondo Fort Johnston, amene lero ndi Mangochi. Analanda mfuti kupolisi, nakwera malole kulunjika ku Zomba, likulu la dziko masiku amenewo.

Msewu wawo unadzera kumadzulo kwa Shire mpaka pa Liwonde. Masiku amenewo anthu ndi magalimoto ankaoloka mtsinjewo pa chombo. Usiku umenewo chombocho chinali chomangidwa tsidya la ku Zomba. Gululo linalephera kuoloka, ndipo linabwerera asilikali a boma ali m'mbuyo. A Chipembere anatuluka m'dziko chaka chomwecho, nakamwalirira ku Los Angeles mu 1975. A Medson Silombela, amene anapitiriza nkhondoyo kuthengo, anagwidwa nanyongedwa ku Zomba mu 1966. Midzi yoganiziridwa kuti inathandiza oukirawo inalangidwa koopsa, ndipo anthu ambiri anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr. Banda anakhala pulezidenti wamuyaya.

Chaka chomwecho cha 1965, pa 11 Novembala, a Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadziyimira payokha popanda chilolezo cha boma la ku London. Mawu a chilengezocho anali a ufulu, koma cholinga chake chinali chakuti azungu ochepa apitirire kulamulira Afirika ochuluka. Zimbabwe anadzabadwa mu 1980, magazi ambiri atakhetsedwa. Tsono mawu akuti ufulu angathe kutuluka ngakhale m'kamwa mwa wopondereza anzake, ndipo chofunika ndi kufunsa kuti wamasuka ndani.

Pamene pakamwa pa anthu panatsekedwa, olemba mabuku anasenza ntchito yonena zimene ena ankaopa kunena. Mu 1974 a Legson Kayira, ali kunja kwa dziko, anatulutsa buku la nthano lotchedwa The Detainee. Likusimba za munthu wamba wa kumudzi amene akugwa m'manja mwa anyamata a wolamulira wankhanza, natsekeredwa asakudziwa cholakwa chake. Dziko la m'bukumo ndi lopeka, koma Mmalawi aliyense woliwerenga ankazindikira kwawo. A Jack Mapanje, mbadwa ya ku Mangochi, anabisa chidzudzulo chawo m'mafanizo a bilimankhwe ndi nthano zamakolo m'buku la ndakatulo la Of Chameleons and Gods la mu 1981. Kubisako sikunawapulumutse: anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu. Nthano ndi ndakatulo sizinagwetse boma, koma zinasunga chikumbumtima cha mtundu.

Chinthu chachiwiri chinachitika ku Balaka, patapita zaka 27 kuchokera usiku wa chombo uja. Kumayambiriro kwa 1992, makina osindikizira mabuku a ansembe a Montfort anasindikiza mwachinsinsi kalata ya maepiskopi a Katolika ya nyengo ya Lenti. Makalatawo anagawidwa m'maparishi mwakachetechete, ndipo Lamulungu pa 8 Malichi anawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Kalatayo inanena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za kuchepa kwa mankhwala ndi masukulu, za kumanga anthu popanda mlandu, ndi za mantha amene ankaletsa munthu kunena maganizo ake.

Boma linakwiya. Apolisi anawapanikiza ndi mafunso maepiskopiwo, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona. Kupezeka ndi kalatayo kunakhala mlandu, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba ya makina ija ku Balaka inaponyedwa moto. Koma mawu anali atafika kale m'makutu a anthu. Ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'misewu ya Zomba, a Chakufwa Chihana anamangidwa pa 6 Epulo atangotsika ndege, ndipo antchito m'mizinda ananyanyala ntchito. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu oposa 60 mwa 100 alionse anasankha zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 anasankha boma latsopano.

N'chifukwa chiyani mfuti zinaima pa Shire, pepala n'kuoloka? Kulimba mtima kunalipo pa zonse ziwiri. Koma gulu la 1965 linali la dera limodzi, linadalira msewu umodzi ndi chombo chimodzi, pomwe anthu ambiri anali akadali ndi chikhulupiriro mwa mtsogoleri amene anawachotsa m'chitaganya. Mu 1992 mavuto anali atafika pakhomo lililonse, maiko opereka chithandizo anali atayamba kufunsa za ufulu wachibadwidwe, ndipo kalata ija inangotchula zimene aliyense ankadziwa mumtima. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Omvera a ku Utale, Ulongwe, Liwonde ndi madera ena onse ayenera kukumbukira kuti ufulu wolankhula umene ulipo lero unagulidwa ndi ndende, kuthawa kwawo ndi imfa za anthu. Uli m'manja mwa munthu aliyense amene amafunsa mfumu, phungu kapena nduna za m'mene akuyendetsera zinthu, ndipo umafota anthu akaleka kufunsa.