Bambo Akamavutika Kutaya Madzi

Lero sindikamba za phala la mwana kapena katemera ai. Ndikamba za abambo amene mwawasiya kunyumba: amuna anu, bambo anu okubalani, ndi apongozi anu.

M'sewero lija la pa wailesi munamva za msodzi wachikulire amene ankadzuka kasanu usiku umodzi kukataya madzi. Mkazi wake ankamva chitseko chikulira, koma ankangokhala chete poopa kumchititsa manyazi. Tsiku lina mkodzo unatsekeka, ndipo anamunyamula pa njinga akubuula. Ena a inu munaseka. Ine sindinaseke, chifukwa abambo otere ndawalandira ndi manja angawa.

Mwamuna aliyense ali ndi kachiwalo kotchedwa prostate. Kali m'munsi mwa chikhodzodzo, ndipo kukula kwake ndi ngati suku limodzi. Njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Munthu akapitirira zaka 50, kachiwaloka kamayamba kukula ndi kufinya njirayo, monga mmene paipi ya madzi imachitira mukaiponda. Mkodzo umachedwa kuyamba, umatuluka mofooka, umadontha pomaliza, ndipo bamboyo amamva ngati wina watsalira. Kawirikawiri kumeneku ndi kukula chabe, si khansa ai, ndipo mankhwala ake alipo. Koma nthawi zina m'kachiwalo komweka mumamera khansa. Tsoka lake, khansayi poyamba sipweteka. Imadzadziwika itafika kale m'mafupa, munthu akudandaula msana ndi chiuno, thupi likutha. Amuna akuda imawagwira kwambiri kuposa azungu, makamaka ngati bambo wao kapena mbale wao wa bere limodzi anadwalapo.

Kuno ku Chipoka tili ndi vuto lina. Tinazolowera likodzo. Mnyamata akakodza magazi timati ndi zakunyanja, amwa praziquantel achira. Tsono bambo wa zaka 60 akaona magazi, nayenso amangoti ndi likodzo. Mwina ndi likodzodi, koma likodzo lokhalitsa nalonso limabweretsa khansa ya chikhodzodzo. Munthu wamkulu asamadziyeze yekha. Ena amaganiza kuti ndi chinzonono, nkhondo n'kubuka m'banja. Amayi, nthenda ya prostate sipatsirana, ndipo sikutanthauza kuti bambo anayenda njira zosayenera.

Mayi wina anandifunsa kuti, "Kodi anthu ophunzirawa akuchitapo chiani?" Akuchitapo. Pa khungu la timaselo ta khansayi pamakhala chizindikiro chochuluka chimene amachitcha PSMA. Mu 1993 akatswiri a ku New York anapeza malangizo a chibadwa amene thupi limatsata popanga chizindikirochi. Lero amatenga malangizowo n'kuwaika m'timaselo tina toweta m'mabotolo, ndipo timeneto timapanga PSMA wofanana ndi wa munthu. Zili ngati kudzala mbeu ya kwanu m'dimba lobwereka: dimba ndi la eni, koma chimanga chimatuluka chomwe chija. Motero amayesa mankhwala ambiri pa chizindikirocho popanda kucheka munthu, kuti aone amene akumamatirapo. Mu 2022 dziko la America linavomereza mankhwala otchedwa Pluvicto, amene amasaka PSMA m'thupi ndi kuotcha khansa pamene yabisala. Koma ndisakunamizeni: mtengo wake ndi woopsa, ndipo ndi a anthu amene matenda afalikira kale. Ife chimene tili nacho m'manja ndi kufulumira.

Kufulumira kwake ndi uku. Mukaona zizindikirozi, lankhulani nao bambo muli awiri, ana atagona, osati pa gulu kudoko. Ngati ndi apongozi, tumani mwana wao wamwamuna kapena malume. Abwere ku chipatala chathu chino. Zikafunika tidzawalembera kalata yopita ku chipatala cha boma ku Salima, ndipo kumeneko angawatumize ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Dokotala amavala magolovesi n'kupima kachiwaloko ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi. Apa ndiye abambo ambiri amathawira, choncho auzeni kale kunyumba kuti kupimako sikutenga ngakhale mphindi ziwiri. Palinso kuyeza magazi kotchedwa PSA, kumene kumathandiza dokotala kudziwa ngati pafunika kufufuza zambiri.

Mkodzo ukatsekeka zenizeni, mimba n'kufufuma, musadikire kuti kuche, ndipo musawamwetse zitsamba zokodzetsa, chifukwa mukungoonjezera madzi m'mtsuko wodzaza kale. Impso zimaonongeka. Kuchipatala timalowetsa kapaipi kofewa, mkodzo umatuluka nthawi yomweyo, ndipo munthu amapeza mpumulo. Kapaipiko sikuti ndi kamuyaya. Ambiri amakachotsa akalandira mankhwala kapena opareshoni.

Amene ali ndi funso loti sangafunse pa gulu andipeze m'chipinda chija tikatha kukweza ana sikelo.