KUKONZA NOKHA MAKINA OUMITSA ZOBVALA

Nkhani imene inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi

Masiku ena ndimalankhula nanu za mbeu, za manyowa ndi za nkhokwe, koma lero ndifuna kukamba za makina a magetsi oumitsa zobvala, amene a m'tauni amawatcha dryer. Kapena wina alikufunsa kuti, "Nanga mlangizi wa ulimi adziwa chiani za makina a m'nyumba?" Yankho lache ndi ili: mbeu zikakhwima, nchito yathu yaikulu ndiyo kuumitsa. Tiumitsa chimanga, mtedza ndi fodya, ndipo lamulo la kuumitsa ndi limodzi, chonyowacho chingakhale tsamba la fodya kapena malaya a mwana wa sukulu.

Makina amenewa sali m'nyumba zambiri, koma alipo. Ena anabwera nawo pochokera ku South Africa, ena anawatumizira ndi abale ao a ku Britain, ena anagula ogwirapo kale nchito. Inu a ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre mudziwa chiperoni cha mwezi wa June ndi July, pamene thewera la mwana likhala masiku awiri pa chingwe osauma. Pa nthawi yotere makinawa athandiza ndithu. Koma akafa, ambiri angowakankhira pa khonde namayikapo miphika, pamene chobvuta chache chinali chaching'ono.

MMENE MAKINAWA AUMITSIRA

Inu alimi a fodya wa kampopi a ku Kasungu mudzandimva msanga. M'balani muli moto wotenthetsa mapaipi, koma mulinso mazenera a pansi olowetsa mpweya ndi a pamwamba otulutsa chinyontho. Mukasonkha moto wambiri mazenera ali otseka pa nthawi youmitsa tsamba, fodya achita thukuta naonongeka. Moto ungotulutsa madzi m'tsamba, koma chowachotsa m'balanimo ndi mpweya woyenda.

Makina oumitsa zobvala ali chimodzimodzi. M'kati mwache muli zinthu zinai zofunika kuzidziwa. Choyamba ndi waya wotenthetsa mpweya, wonga wa m'mbaula ya magetsi. Chachiwiri ndi fani yokankha mpweyawo. Chachitatu ndi mgolo umene muikamo zobvala, wozunguzidwa ndi mota kudzera pa lamba. Chachinai ndi njira yotulukira mpweya wonyowa, yoyambira pa sefa ya pa chitseko kufikira ku paipi yopita pa bwalo. Mwa zinai izi, imene ibvuta kawirikawiri ndi njira ya mpweya, ndipo ndiyonso yosalira ndalama poikonza.

MUSANAGWIRE KANTHU

Zulani pulagi ku khoma. Kungozimitsa switchi sikukwanira iai. Zulani, ndipo ikani pulagiyo pamene maso anu alikuiona, kuti mwana angaibwezere inu manja ali m'kati. Magetsi athu ndi a mphamvu ya 230 volts, ndipo apha munthu wamkulu. Dikirani kuti makina azizire. Manja akhale ouma, pansi pakhale pouma, ndipo musagwire nchitoyi opanda nsapato. Chenjeraninso ndi malata a m'kati, pakuti m'mphepete mwache ndi mwakuthwa ngati lumo. Musanamasule waya ali yense, jambulani chithunzi ndi foni kapena lembani pa pepala mmene analiri, kuti mungasokoneze pobwezera.

ZOBVALA ZITENTHA KOMA SIZIUMA

Ili ndilo dandaulo lalikulu. Mgolo uzungulira, zobvala zituluka zotentha, koma ziri zonyowabe, ndipo nchito ya ora limodzi itenga maora awiri. Apa musaganize za waya wotenthetsa. Balani lanu latsekeka mazenera.

Yambani ndi sefa. Nsalu iri yonse ithothoka tiubweya totuwa tonga thonje, ndipo sefa inaikidwa kuti itigwire. Chotsani ubweyawo nthawi iri yonse mukatha kuumitsa. Tsono yesani chinthu china: thirani madzi pa sefayo. Madzi akaima pamwamba osadutsa, ndiye kuti timaboo tache tamatika ndi zotsalira za sopo ndi mankhwala ofewetsa nsalu, ngakhale ndi maso ioneka yoyera. Itsukeni ndi madzi ofunda ndi mswachi wakale, niiume musanaibwezere. Sefa yong'ambika isinthidwe, chifukwa ilola ubweya kupita kumene kuli moto.

Mukatha apo pitani ku paipi ya kumbuyo. Kukula kwache kwa pakamwa ndi mainchesi anai, ndiwo mamilimita 100. Ichotseni, muiongole, muikutumule. Onani ngati inapsinjika pamene makina anakankhidwira ku khoma, kapena ngati inagwa pakati nisunga madzi. Paipi ikhale yaifupi ndi yosakhotakhota. Pitaninso pa bwalo muone pamene itulukira, pakuti kuno kwathu mavu amanga nyumba zao za dothi m'menemo, ndipo makoswe alowa kukaswerana pofunda. Mukabwezera zonse, yatsani makina muike dzanja pa khomo la paipi kunjako. Mpweya uyenera kukankha dzanja lanu mwamphamvu.

Makina ena alibe paipi yopita pa bwalo. Iwo asandutsa chinyontho kukhala madzi nawasunga m'kathanki. Kathankiko mukhuthule nthawi zonse, pakuti kakadzaza makina aima okha. M'munsi mwache muli kabokosi ka timalata tambiri. Kasololeni kamodzi pa mwezi mukatsuke pa mpopi kufikira ubweya wonse utachoka. Koma alipo ena atsopano, olembedwa kuti heat pump, amene ali ndi mapaipi a gasi onga a m'firiji. Amenewo mungotsuka masefa ache, zotsalazo ndi za mmisiri.

Taganizaninso za ndalama. Makina a mphamvu ya 2,500 watts adya mayunitsi awiri ndi theka pa ora limodzi pamene waya wotenthetsa uli woyaka. Sefa yotsekeka italikitsa nthawi, ndipo mayunitsi anu atha mwezi usanathe.

MGOLO UZUNGULIRA KOMA MULIBE KUTENTHA

Pafupi ndi waya wotenthetsa pali tizitsulo tiwiri kapena titatu tobulungira, taukulu wonga ndalama ya chitsulo, tokhala ndi mawaya awiri. Kena ndi thermostat, kamene kayatsa ndi kuzimitsa moto kuti kutentha kukhale kwa muyeso. Kena ndi kamlonda, kamene kadula magetsi kutentha kukapitirira malire. Pa makina ena kamlondaka kali ndi batani lofiira kumbuyo, limene mulidina nilira kuti "tche", moto nubwerera. Pa ena kakadula kadula, ndipo kafunika kena katsopano.

Ngati muli ndi mita yoyesera magetsi, kapena mnzanu wokonza mawailesi angakubwerekeni, mungathe kudziwa chimene chafa. Pulagi iri yozula, chotsani waya mmodzi pa kachitsuloko, mugunditse nsonga ziwiri za mita pa miyendo yache. Kamoyo kasonyeza kuti njira iri yotseguka, kakufa sikasonyeza kanthu. Chitani chomwecho pa waya wotenthetsa. Wamoyo asonyeza nambala ya pakati pa 20 ndi 60 ohms, monga mwa ukulu wache. Ngati waduka, gulani wina wa nambala yomweyo. Musamlumikize ndi kupota, chifukwa polumikizapo ndi pamene padzapsa.

Tsono mvetsetsani ichi, pakuti ndicho chachikulu pa nkhani yonseyi. Kamlonda sikadula popanda chifukwa. Kawirikawiri kadula chifukwa mpweya watsekeka ndipo m'kati mwatentha koposa. Mukaika katsopano osatsegula njira ya mpweya, kadzadulanso sabata lomwelo.

Ndinaona ndi maso anga kwa mlamu wanga. Makina ao analeka kutentha, ndipo anaitana mnyamata wina wodziwa za magetsi pang'ono. Iye anapeza kuti kamlonda kafa, koma m'malo mofuna kena anangolumikiza mawaya awiri aja pamodzi, nalandira ndalama zache, napita. Makina anayambanso kutentha ndipo onse anakondwa. Patapita masabata atatu ndinafika kudzacheza, ndipo mlongo wanga anati, "Achimwene, zobvala zikumanunkha ngati zapsa ndi simbi." Titatsegula kumbuyo tinapeza ubweya wodzaza manja awiri utaunjikana pa waya wotenthetsa, wina utada kale ngati makala, ndipo m'paipi munali chisa cha khoswe. Makinawo anali m'chipinda choyandikana ndi mogona ana. Munthu wochotsa kamlonda afanana ndi mlimi wochotsa waya wochinga pamwamba pa mapaipi a m'balani: tsamba limodzi louma likagwera pa paipi yamoto, fodya wa chaka chonse apita. Mmisiri akanena kuti "tingodumphitsa", mukaneni.

Musayese kuti ngozi yotere ichitika kwa osauka okha. Mu August 1916 ai, ndinene bwino, mu August 2016, moto unabuka m'nyumba yosanja ya nsanjika 18 ku Shepherd's Bush mu mzinda wa London, ndipo ozimitsa moto anapeza kuti unayambira m'makina oumitsa zobvala. Chaka cha 2015 kampani ya Whirlpool inali italengeza kale kuti makina ambiri a maina a Hotpoint, Indesit ndi Creda, opangidwa kuyambira April 2004 kufikira September 2015, anali ndi chilema cholola ubweya kukhudza waya wotenthetsa, ndipo mu 2019 inaitanitsa amene anali asanakonzedwe. Ngati makina anu ndi akale ochokera ku Britain ndipo ali ndi limodzi la maina amenewa, lembani nambala ya pa chitseko, mupemphe amene anakutumizirani afufuze ngati anakonzedwa.

MGOLO SUZUNGULIRA

Mukamva mota alikulira koma mgolo uli chiimire, zulani pulagi, mutsegule chitseko, muzunguze mgolo ndi dzanja. Ukazungulira mopepuka ngati gudumu la njinga yopanda tcheni, lamba waduka. Masulani chivundikiro cha pamwamba ndipo mudzampeza atagwera pansi. Pa msana pache palembedwa nambala yosonyeza utali wache. Pitani naye ku sitolo kuti akupatseni wofanana. Pomuika, mbali ya mizere iyang'ane ku mgolo ndi ku kachitsulo ka mota. Lamba watsopano ndi wolimba, ndipo nchitoyi ifuna anthu awiri. Musadule lamba wa galimoto kapena mphira ya njinga kuti ilowe m'malo mwache.

Ngati lamba ali bwino koma mota angong'ung'udza osayamba, kawirikawiri chafa ndi kabotolo ka pambali pa mota kotchedwa capacitor. Kameneka kasunga magetsi ngakhale pulagi iri yozula, choncho musakhudze miyendo yache. Apa ndi pamene pathera nchito ya mwini nyumba. Za capacitor, za mota, za mawaya opserera ndi za makina ogwira dzanzi munthu akawakhudza, itanani mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso.

Phokoso la kukhulana nalo musalilekerere. Nthawi zina ndi ndalama ya chitsulo kapena msomali wochokera m'thumba umene wapanikizika m'mphepete mwa mgolo. Nthawi zina ndi kachitsulo kamene mgolo utsamirapo kumbuyo kamene kadyeka, ndipo kakatha mgolo uyamba kukhula pa malata.

MAKINA SAYAKA KONSE

Yambani ndi zapafupi. Yesani soketi ndi chinthu china monga simbi. Tsegulani pulagi muone fyuzi. Iyenera kukhala ya 13 amps, ndipo ikapsa muike inzache, osati waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Onaninso kamunga ka pa chitseko kamene kadina switchi ya m'kati, pakuti kakathyoka makina ayesa kuti chitseko chiri chotsegula. Makinawa akoka magetsi okwana ngati 11 amps, choncho akhale ndi soketi yaoyao ya ku khoma, osati chingwe chowonjezera chogawana ndi firiji ndi ketulo.

A ku South Africa ndi a ku Britain agwirizana ndi magetsi athu. A ku South Africa mungosintha pulagi ya miyendo yobulungira ndi kuika yathu ya fyuzi, osaiwala waya wa earth wobiriwira ndi wachikasu. Koma a ku America anapangidwira magetsi a mtundu wina, ndipo musawalumikize musanafunse mmisiri.

MAU OTSIRIZA

Ovolosi imene munabvala popopera mankhwala m'munda wa thonje kapena wa matimati isalowe m'makina awa. Ichapidwe payokha niyanikidwe pa dzuwa. Nsalu zimene zinagwera parafini, petulo kapena mafuta ophikira zisalowemonso, chifukwa zingathe kuyaka. Musasiye makina alikuyenda inu mutapita ku tchalitchi kapena mutagona.

Ndipo dzuwa likawala, gwiritsani nchito chingwe, pakuti dzuwa silidya mayunitsi. Yanikani pa chingwe osati pa udzu kapena pa mchenga, ndipo sitani zobvala za ana ndi simbi yotentha kuti mazira a nchenche ya mphutsi afe.

Mawa m'mawa, musanayatse makina anu, solorani sefa, muyang'ane paipi, muike dzanja pa khomo lache kunja. Sabata la mawa tidzakamba za kukonza nkhokwe chimanga chisanalowe.